Kwa wapolisi wa ku Chilumba amene akufuna digiri ya criminology

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mtsikana amene akugwira ntchito ya upolisi m'dera la Chilumba, m'boma la Karonga. Ndi konsitebulo. Akuti MSCE adakhoza bwino, koma kwawo kudalibe ndalama zoti apitirizire sukulu, ndiye adalowa upolisi. Tsopano mtima wake uli pa digiri ya criminology, maphunziro a za umbanda, chifukwa akufuna kudzakhala wofufuza milandu ikuluikulu. Anzake ena akumuuza kuti angotaya ndalama pachabe, ena akuti asiye ntchito apite kusukulu ndi mtima umodzi. Akufunsa poyambira, komanso mmene angawauzire abwana ake.

Achemwali, ntchito musasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malipiro a konsitebulo ndi ochepa, zimenezo palibe angatsutse, koma ndi omwewo amene adzakulipirireni fizi, ndipo kunjaku kuli anyamata ndi atsikana ambiri amene ali ndi madigiri m'maenivulopu koma akusowa khomo limene inu mudalowa kale. Komanso maphunziro mukufunawa amalowa bwino m'mutu mwa munthu amene tsiku ndi tsiku amakhala pa kauntala kumva madandaulo a anthu.

Ndisanakuuzeni kopita, tigwirizane kaye za chimene mukukagula, chifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwira chaka choyamba chisanathe. Digiri ya criminology siphunzitsa munthu ntchito ya CID. Kutenga zidindo za zala, kuteteza malo amene pafera munthu kuti umboni usasokonezeke, kulemba sitetimenti, kukonza doketi yoti ikalimbe pamaso pa majisitireti, zonsezo amaphunzitsa ndi apolisi eni ake, ku Kanjedza, ku Mtakataka, ku koleji ya apolisi ku Zomba, ndiponso poyenda ndi akuluakulu amene adakhalitsa pa ntchitoyo. Ku yunivesite mukakumana ndi mafunso a mtundu wina. Injini ya boti ikabedwa usiku, wa CID amafuna dzina la wakubayo ndi kumene wakaibisa. Wa criminology amafuna kudziwa chifukwa chake injini zikubedwa pa gombe ili kuposa linalo, miyezi iti, akuzigula ndani, ndi asodzi angati amene adaberedwa koma sadabwere kupolisi, komanso ngati kumangidwa kwa anyamata awiri chaka chatha kudachepetsa kubako kapena ayi. Zida zake ndi mabuku, mafunso a kafukufuku, masamu a ziwerengero ndi kulemba, kulemba kochuluka ndithu. Ngati chimene mukulakalaka ndi CID basi, njira yachidule ndi kugwira bwino ntchito pamene mulipo, kupempha kuti muziperekeza ofufuza, ndi kulembera makosi a m'kati mwa polisi akalengezedwa.

Ine ndikuona kuti maphunzirowa ndi oyenera thukuta lanu, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mu 1764, Cesare Beccaria wa ku Italy adalemba kabuku kamene mpaka lero ophunzira amayambira. Mfundo yake idali yoti chimene chimaletsa munthu kulakwa si kukula kwa chilango, koma kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo chilango chibwera msanga. Taganizirani mlandu wa ng'ombe umene ukungoimitsidwa chifukwa mboni ilibe ndalama yokwerera galimoto kupita kukhothi, mpaka mwini ng'ombe watopa wausiya. Lamulo lingatchule zaka zambiri bwanji, mbala za m'mudzimo zaona kale kuti palibe chimachitika. Mu 1876, Cesare Lombroso adabwera ndi zoti chigawenga chimachita kubadwa, ndipo ungachidziwe poyang'ana chibwano, makutu ndi mutu. Akatswiri adazitaya kalekale zimenezo, koma mudzaziphunzira kuti muzizizindikira zikamatuluka pakamwa pa mnzanu wa pantchito amene akuti uyu nkhope yake yokha ikuonetsa kuti ndi wakuba. Mu 1979, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson adafotokoza kuti umbanda umachitika pakakumana zinthu zitatu: munthu wofuna kulakwa, chinthu chosavuta kutenga, ndi kusowa kwa woyang'anira. Usiku umene amuna a pagombe ali panyanja ndi nyali kusaka usipa, kumudzi kwatsala ndani? Funso limenelo lokha likhoza kusintha nthawi imene inu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi mumayendera dera. Mudzamvanso za Edwin Sutherland, amene mu 1939 adakumbutsa anzake kuti umbanda wina waukulu umachitidwa ndi anthu olemekezeka ali m'maofesi. Ife amene tidaona Cashgate mu 2013 sitifuna wotimasulira.

Kwathu konkuno kuli kafukufuku amene ndikufuna mumufunefune ngakhale musanalembetse sukulu. Mu 2003, National Statistical Office, mothandizana ndi Institute for Security Studies ya ku South Africa, idayenda m'makomo m'dziko lonse kufunsa anthu ngati adachitidwapo chipongwe kapena kuberedwa. Zotsatira zidatuluka mu 2004 m'lipoti lotchedwa Crimes of Need. Umbanda umene udapezeka kuti ukusautsa anthu ambiri sudali wa mfuti kapena wothyola masitolo. Kudali kuba mbewu m'munda, kenako kuba ziweto, ndipo nkhani zambiri zotere sizinkafika kupolisi. Inu mukudziwa kuti ndi mmene zilili. Chinangwa chikazulidwa usiku, mpunga ukabedwa m'minda ya ku Hara kapena ku Wovwe, ukonde wa chilimira ukasowa, munthu amathamangira kwa nyakwawa, kwa gulupu, mwinanso mpaka ku bwalo la mfumu yaikulu Wasambo. Ena amangoti Mulungu aona. Buku la OB limene mumalembamo lija limasunga zokhazo zimene zafika pa kauntala. Wapolisi amene sadziwa zimenezi amasangalala manambala akatsika, osazindikira kuti mwina anthu angosiya kubwera.

Chilumba ndi malo abwino kwambiri ophunzirirapo kufunika kwa kuwerenga anthu mosamala, ndipo chitsanzo muli nacho pakhomo. Kuyambira mu 1979 pakhala pali ofufuza za umoyo amene adayamba ndi matenda a khate, kenako chifuwa chachikulu ndi HIV, omwe lero akudziwika ndi dzina loti MEIRU. Kuyambira mu 2002 akhala akulemba za ana obadwa, anthu omwalira ndi osamuka m'midzi yozungulira Chilumba, pogwiritsa ntchito anthu a m'midzi momwemo amene amawadziwitsa zochitika. Ntchito yooneka yotopetsayo yathandiza madokotala a m'mayiko ambiri kumvetsa matenda. Za umbanda sitidafikepo pamenepo. Munthu amene angamachite zotere ndi milandu, modekha, chaka ndi chaka, ndi amene dziko lino likumusowa kuposa wina wothamangitsa mbava.

Palinso nkhani ziwiri zolemera za m'boma lanu zimene digiriyi ingakuthandizeni kuziona mozama. Yoyamba ndi ya kuzembetsa anthu. Msewu wa M1 wochokera ku chipata cha Songwe umadutsa kwanuko, ndipo sitima ya Ilala imatembenukira pa doko lanu. Mu June 2012 bwato lodzaza ndi nzika za ku Ethiopia lidamira panyanja m'boma la Karonga, ndipo anthu 47 adapezeka atafa. Mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mudapezeka manda a anthu pafupifupi 30 oganiziridwa kuti adali ochokera dziko lomwelo. Mukakhwimitsa rodibuloko, ozembetsa anthu sasiya bizinesi yawo. Amasamukira panyanja kapena m'tchire, kumene kuli imfa. M'kalasi mudzaphunzira kuyeza kusamuka kwa umbanda kotereku musanadzitame kuti mwauthetsa. Mudzaphunziranso kusiyanitsa munthu amene walipira yekha kuti amudutsitse malire ndi amene wagulitsidwa kuti akagwiritsidwe ntchito yaukapolo, amene lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limamuona ngati wolakwiridwa, osati wolakwa.

Nkhani inayo ndi ya agogo athu amene amamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa powaganizira kuti ndi afiti. Imandipweteka mtima kwambiri, ndipo Karonga amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo lakhalapo zaka zoposa 100 ndipo agogo akuphedwabe. Apolisi nthawi zambiri amafika nyumba itapsa kale. Wophunzira criminology amabwerera m'mbuyo. Mphekesera idayamba liti? Idatsatana ndi maliro adzidzidzi, kapena mkangano wa munda? Pakati pa maliro ndi kumenyako padadutsa masiku angati, ndipo ndani adamva koma adakhala chete? Mayankho ake akasonkhanitsidwa kuchokera ku milandu yambiri, amakuuzani tsiku loyenera kufika m'mudzi, gulu lisanatole miyala.

Musaganize kuti kafukufuku amathera m'mashelefu. Mu 2013 mabungwe a SALC ndi CHREAA adatulutsa lipoti la mmene apolisi a ku Blantyre ankamangira anthu osauka pa milandu ya kuyendayenda popanda chifukwa. Mu 2015 wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, adamangidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake, ndipo pa 10 January 2017 bwalo lalikulu lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Lero inu simungamange munthu ndi gawo limenelo. Konzekani, chifukwa maphunzirowa adzakufunsani mafunso owawa okhudza yunifolomu yanu yomwe: maola 48 osunga munthu m'chitokosi asanaonekere kukhothi, belo ya kupolisi imene ndi yaulere, kudzaza kwa ndende kumene bwalo lidadzudzula mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano. Amene sakufuna kumva zoterezi asapite.

Tsopano kopita. M'mayunivesite a boma m'dziko muno, maphunziro a za umbanda mudzawapeza kwambiri m'kati mwa mapulogalamu a mayina ena, choncho musamangosaka dzina, muziwerenga mndandanda wa makosi a chaka chilichonse. Pafupi ndi inu, mukakwera Chiweta, pali Mzuzu University ku Luwinga, imene ili ndi digiri ya Security Studies, ndipo asilikali, apolisi, a ndende ndi a za zitupa akhala akuphunzira kumeneko. Mzuni ilinso ndi malo a maphunziro a patali ku Karonga, ndiye afunseni kuti chaka chimene mukufunacho ndi mapulogalamu ati amene akuperekedwa mwa njira imeneyo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli pulogalamu ya Law Enforcement Management and Leadership, komanso sociology ndi psychology, amene ndi maziko enieni a criminology. University of Livingstonia ili ndi digiri ya za ufulu wachibadwidwe, imene imagwirizana bwino ndi ntchito ya ku Victim Support Unit. Ngati mukufuna pepala lolembedwa criminology penipeni, UNISA ya ku South Africa imapereka digiri imeneyo munthu ali kwawo. Koma fizi yake ndi ya marandi. Kumbukirani kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adawerengera bajeti yake m'makwacha adadzuka tsiku lina ngongole itakula yokha. Pamafunikanso intaneti yodalirika ndi laputopu yanuyanu, osati yobwereka.

Kulikonse kumene mungasankhe, musalipire ngakhale tambala musanafunse ku National Council for Higher Education (NCHE). Mufunse zinthu ziwiri, chifukwa n'zosiyana: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati pulogalamu imeneyo payokha idavomerezedwa. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu yatsopano imene akuitsatsa pa Facebook isadayendereredwe. Digiri yakunja nayo idzafunika kuti a NCHE aiunike musanaipereke kwa olemba ntchito, ndiye ndi bwino kuwafunsa lero osati pakatha zaka zinayi. Polowa m'yunivesite ya boma pa khomo la onse pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Palinso khomo la anthu amene ali kale pa ntchito, limene zofunika zake zimalembedwa m'chilengezo cha chaka chimenecho. Werengani chilengezocho nokha, osadalira zomva. Kuyamba ndi satifiketi kapena dipuloma n'kumakwera pang'onopang'ono si manyazi, ndipo kwa munthu wa malipiro anu nthawi zambiri ndiye njira yofikitsa. Bungwe la ngongole za ophunzira limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 lilipo, lemberani ngati mukuyenera, koma bajeti yanu ikhale yoti itha kuyima ngakhale atakukanani. Muwerengeremo ndalama zoyendera, zogona, bandulo ndi zosindikizira, chifukwa zimenezi ndi zimene zimagwetsa anthu, osati fizi yokha.

Za abwana. Upolisi ndi ntchito ya mwambo, ndipo nkhani yabwino imaonongeka ikadumpha munthu. Yambani ndi amene amakuyang'anirani mwachindunji, kenako a OC, mkulu wa siteshoni, ndipo muchite zimenezi musanatumize fomu kusukulu. Bwana amene wamva kwa ena kuti mwayamba kale sukulu amaona ngati mwamupeputsa, ngakhale akadavomera mosavuta mukadamufunsa. Sankhani tsiku labata, osati pamene pasiteshoni pali maliro kapena alendo ochokera ku likulu. Mupite ndi kalata yaifupi ndi kalendala ya sukulu m'manja, yoonetsa milungu imene muyenera kukhala m'kalasi ndi nthawi ya mayeso. Musamalankhule za maloto anu okha. Afotokozereni chimene siteshoni ipindule, monga malipoti a pamwezi olembedwa bwino, komanso mmene mashifiti anu adzayendere inu kulibe. Pemphani kuti akuonetseni malamulo a tchuthi cha maphunziro monga adalembedwera, ndipo chilolezo chilichonse chikhale cha pakalata, kope ina musunge kunyumba. Mabwana amasamutsidwa, ndipo wobwerayo sadziwa zimene mudagwirizana pakamwa. Inunso mukhoza kusamutsidwa pakati pa maphunziro, ndiye posankha pulogalamu dzifunseni ngati ingapitirire mutapezeka muli ku Chitipa kapena ku Nsanje. Ngati boma likupatsani tchuthi cholipidwa, yembekezerani kusainira kuti mudzagwirabe ntchito zaka zingapo mukamaliza. Werengani musanasaine.

Anzanu amene azikugwirirani shifiti muziwabwezera mokwanira, ndipo muziyamba ndinu kudzipereka pa Khirisimasi ndi masiku ena amene aliyense amawathawa. Mukabwera kuchokera kusukulu, musamawaphunzitse a sajeni za Beccaria pa peredi. Iwo akudziwa mabanja, njira za m'tchire ndi mbiri ya mikangano ya minda zimene palibe buku lidalemba. Afunseni, ndipo mudzaona kuti ambiri amakondwa kufotokoza. Ngati Chitumbuka si chiyankhulo chanu, chiphunzireni mpaka muzimva ngakhale zonong'ona, muonjezerepo Chinkhonde ndi Chiswahili chapamsewu. Mayi amene wamenyedwa safotokoza za mumtima kudzera mwa womasulira amene ndi mnansi wa mwamuna wake.

Chenjezo limodzi ndilinena mwamphamvu, chifukwa likhoza kukuchotsetsani ntchito ndi sukulu tsiku limodzi. Madoketi si anu. Aphunzitsi akapempha chitsanzo, chiyeso chimakhala chojambula tsamba ndi foni n'kuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi. Musayerekeze. M'dera laling'ono ngati lanu, ngakhale mutafufuta dzina, kungotchula mudzi ndi msinkhu anthu adziwa kale kuti ndi mwana wa ndani. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza ana kuti asaululidwe, ndipo akuluakulu nawo adakuuzani zawo chifukwa chokukhulupirirani. Pofika chaka chomaliza, pamene mudzafunika kuchita kafukufuku wanu, mudzatenge chilolezo cha polisi cholembedwa ndi cha komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku. Ndipo musadzafunse anthu mafunso a sukulu mutavala yunifolomu. Munthu wakumudzi sangakane wapolisi, ndiye adzavomera mwamantha n'kukuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Ngati n'kotheka, kafukufukuyo mukachitire dera limene simugwirako ntchito.

Kodi digiriyo idzakukwezani pa udindo? Osati yokha, ndipo osati mawa lake. Kukwezedwa kumayendera malo amene alipo, mbiri ya ntchito yanu ndi ndondomeko za Police Service Commission. Mukalowa sukulu mukuwerengera nyota za paphewa, mudzakhala wowawidwa mtima. Chimene digiri imachita ndi kukutsegulirani makomo ambiri: nthambi za kafukufuku ndi mapulani m'polisi momwemo, ndende, Immigration, Anti-Corruption Bureau, Financial Intelligence Authority, Malawi Human Rights Commission, Independent Complaints Commission imene imamva madandaulo okhudza apolisi, maofesi a chisamaliro cha anthu amene amayang'anira ana olakwira malamulo, mabungwe ngati PASI amene amathandiza akaidi pa za malamulo, ngakhalenso mabanki ndi makampani a foni amene akulimbana ndi akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba. Zilengezo za ntchito zambiri sizitchula criminology, zimangoti digiri ya social science. Pa intavyu chimene chidzakusiyanitseni ndi ena ndi luso looneka: kugwiritsa ntchito Excel ndi SPSS, kuwerenga tebulo la manambala n'kunena chimene likutanthauza, ndi kulemba lipoti la masamba awiri lomveka. Makosi a research methods ndi statistics, amene ophunzira ambiri amangofuna kudutsa, inu muwagwire ndi manja awiri.

Pamene mukudikira chilengezo cha sukulu, pemphani chilolezo kwa a OC kuti muziwerengera madandaulo amene akufika pa kauntala. Gulani kope. Musalembemo dzina la munthu aliyense, koma mtundu wa dandaulo, tsiku, ola, dera la gulupu, ndi mmene nkhaniyo yathera, kaya yapita kukhothi, yabwezedwa kwa mfumu kapena wodandaula wausiya. Kopelo lizikhala kuofesi, lisamapite kunyumba. Pakatha miyezi itatu, konzani tsamba limodzi loonetsa zimene zikubwerezabwereza, mukapereke kwa a OC pamodzi ndi kalata yanu yopempha chilolezo cha sukulu.